Gavanala wa Banki Yaikulu asamachotsedwe ndi kalata imodzi

Akonzi,

Tiloleni tilankhulepo pa nkhani imene ambiri kuno kuchigwa cha Shire amaiyesa ya anthu a mataye a ku Lilongwe, pamene imatikhudza mpaka mu mphika. Nkhani yake ndi ya mphamvu za mtsogoleri wa dziko zochotsa gavanala wa Reserve Bank of Malawi, Banki Yaikulu ya dziko lathu.

Aliyense amene anakhalapo pa banki nkhonde ku Ngabu kapena ku Bangula akudziwa kuti bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu, ndipo wosunga bokosilo sagwira kiyi. Wapampando sangadzuke m'mawa n'kulanda kiyi kwa mayi amene wamukaniza ngongole. Amayi a kumudzi anaizindikira kalekale nzeru imeneyi. Nanga bokosi la dziko lonse?

Taonani mbiri yathu. Mayi Joyce Banda analumbira pa 7 April 2012, mwezi womwewo gavanala wa Banki Yaikulu, a Perks Ligoya, anachoka, n'kulowa a Charles Chuka. A Lazarus Chakwera analumbira pa 28 June 2020, mu July a Dalitso Kabambe anachoka, n'kulowa a Wilson Banda. Sitikuweruza kuti wabwino anali uti. Tikunena kuti aliyense wokhala pa mpandowo amaona yekha kuti ntchito yake imatha tsiku limene mwini mphamvu wafuna, ndipo munthu wotere savuta kumuuza zochita.

Ntchito yaikulu ya gavanala ndi kukana. Boma likasowa ndalama, makamaka chaka cha chisankho, njira yachidule ndi kukongola ku Banki Yaikulu. Ndalama zimenezo sizichokera ku msonkho kapena ku malonda, zimangobadwa m'mabuku a bankiyo. Zikalowa pa msika, matumba a chimanga pa Nchalo amakhala omwe aja koma makwacha owalimbirana achuluka, mtengo n'kukwera. Kuti zinthu zibwerere m'chimake, bankiyo imakweza chiwongoladzanja, monga inachitira mu February 2024 pochifikitsa pa 26 peresenti. Mankhwala amenewa ndi owawa ndipo palibe wandale amawakonda. Gavanala woopa kalata amawachedwetsa.

Kuchedwetsako kumalipiridwa ndi ife. Mu 2011 boma linakakamira kuti kwacha isatsike, madola anasowa, galimoto zinkagona pa mizere ya mafuta. Pofika May 2012 dola inadumpha tsiku limodzi kuchoka pa K168 kufika pa K250. Mu November 2023 inachoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiwerengere limodzi: mlimi wa thonje amene anasunga K590,000 anali ndi ndalama zokwana madola 500 madzulo, kutacha zinali zosakwana madola 350. Mlimi wa thonje amalandira kamodzi pa chaka, pomwe mbewu, mankhwala opopera ndi mafuta a pampu ya kudimba zimatsata dola. Wogula katundu ku Mozambique kudzera pa Marka amaziona msanga, chifukwa metikali, ndalama ya kumeneko, samva za ndale zathu. Ndipo izi zinagwera anthu amene chaka chomwecho cha 2023, mu March, namondwe Freddy anali atawakokolera minda ndi ziweto.

Maiko ena anaphunzira movutikira. Ku Turkey, Recep Tayyip Erdoğan anachotsa agavanala atatu pakati pa July 2019 ndi March 2021. Wachitatuyo, Naci Ağbal, anachotsedwa patangopita masiku awiri atakweza chiwongoladzanja kufika pa 19 peresenti. Pofika October 2022 mitengo inali itakwera ndi 85 peresenti pa chaka. Kwa anansi athu ku Zambia, Edgar Lungu anachotsa gavanala Denny Kalyalya mu August 2020, ndipo Hakainde Hichilema anadzamubwezera mu 2021. Ku America nako, mamembala a bodi ya Federal Reserve, banki yaikulu ya kumeneko, amakhala zaka 14 ndipo lamulo limati achotsedwe pokhapokha pali chifukwa, koma mawu oti "chifukwa" sanamasuliridwe bwino, n'chifukwa chake Donald Trump atafuna kuchotsa Lisa Cook, mmodzi wa mamembalawo, mu August 2025 nkhani inathera ku khoti. Phunziro lake n'lakuti kulemba mawu amodzi osawatambasula sikokwanira.

Ndiye lamulo lathu linene zifukwa mozitchula maina: matenda amene madokotala atsimikiza kuti munthu sangagwirenso ntchito, kupezeka wolakwa ku khoti pa mlandu wa chinyengo kapena katangale, kulephera kubweza ngongole mpaka khoti kulengeza kuti wagwa, ndi kuphwanya lamulo la bankiyo mwadala. Kusiyana maganizo ndi nduna ya zachuma pa chiwongoladzanja kapena pa mtengo wa kwacha kulembedwe poyera kuti si chifukwa.

Njira yake nayo ikhale yodziwika. Dandaulo lilembedwe ndipo gavanala alandire kope. Gulu la anthu atatu lotsogoleredwa ndi woweruza wa khoti lalikulu limve mbali zonse m'masiku osapitirira 90. Lipoti lipite ku Nyumba ya Malamulo, aphungu avote poyera, kenako mtsogoleri wa dziko asainire. Izi si zachilendo kwathu. Gawo 119 la malamulo aakulu a dziko limateteza oweruza m'njira yofananako ndi iyi, ndipo tinaona phindu lake mu June 2020 pamene boma linafuna kutumiza Andrew Nyirenda, mkulu wa oweruza, ku tchuthi chodikira kupuma, makhoti n'kuletsa.

Pali mipata itatu imene ochenjera amadzera, ndipo iyenera kutsekedwa. Woyamba ndi tchuthi chokakamiza chomwecho, chimene ndi kuchotsa munthu popanda kutchula dzina lake. Wachiwiri ndi kumukweza pomupatsa ukazembe kapena udindo wina kuti mpando utsale wopanda munthu. Wachitatu ndi kusiya wogwirizira kwa miyezi yambiri, pakuti wogwirizira amagona ndi mantha kuposa wina aliyense. Wogwirizira asapitirire miyezi itatu. Komanso nthawi ya gavanala isamayendere limodzi ndi zaka zisanu za mtsogoleri wa dziko. Ikhale imodzi yokha, ya zaka zisanu ndi ziwiri, yosawonjezera, kuti asakhale ndi chifukwa chonyengerera aliyense.

Ena ati, nanga gavanala akakhala wosokoneza? Funso labwino, ndipo ife sitikufuna mfumu ina ku Lilongwe. Azionekera ku komiti ya aphungu yoona za chuma kanayi pa chaka, afotokoze ndalama zimene boma lakongola ku bankiyo, madola amene atsala m'nkhokwe, ndi chifukwa chimene mitengo yatalikirana ndi 5 peresenti imene bankiyo imati ndiyo cholinga chake. Zokambiranazo ziziulutsidwa pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chisena.

Chomaliza ndi malo olembapo zonsezi. Lamulo la Reserve Bank la 2018 ndi lamulo wamba, aphungu ongopitirira theka akhoza kulisintha masana amodzi. Chitetezochi chilowe m'gawo 185 la malamulo aakulu, limene limakhazikitsa bankiyo, pomwe kusintha kumafuna aphungu awiri mwa atatu alionse. Aphungu a Chikwawa ndi Nsanje, a chipani cholamula ndi otsutsa omwe, tikupempha kuti mmodzi wa inu atengere bilu imeneyi ku Nyumba ya Malamulo thonje la chaka chino lisanafike pa sikelo.

Owerenga anu,
Ngabu, Chikwawa