Lipoti la nthumwi: kumanga RAM ndi SSD pa motherboard popanda screwdriver

Kwa a Wapampando, a komiti ndi mamembala onse a gulu lathu la okonza makompyuta kuno ku Mzuzu.

Lipoti ili likukhudza gawo la msonkhano womwe munandituma ku Lilongwe, pomwe tinakambirana njira zomangira RAM (kachipangizo kosunga kwakanthawi zomwe kompyuta ikugwiritsa ntchito) ndi SSD (kachipangizo kosungiramo mafayilo) pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta) popanda screwdriver. Za ndalama zoyendera ndafotokozera kale a msungichuma, choncho sindizibwereza pano.

Pa RAM ya makompyuta a patebulo, yomwe imatchedwa DIMM, tonse tikudziwa kuti imagwidwa ndi timaloko tapulasitiki tomwe timadzitseka tokha munthu akaikanikiza mpaka pansi. Chimene ophunzitsa anatsindika, chomwenso ine ndikuchiona kuti n'chachikulu mu lipoti lonseli, ndi ma motherboard omwe ali ndi loko mbali imodzi yokha, mbali inayo ili yosasuntha. A kampani ya ASUS amaitcha njirayi Q-DIMM, ndipo cholinga chake n'chakuti munthu athe kuchotsa RAM asanazule graphics card (khadi loyendetsa zithunzi za pa sikirini), yomwe ikakhala yaitali imatchinga timaloko ta m'munsi. Vuto lake n'lakuti mbali yosasunthayo sionetsa ngati RAM yalowa mokwanira. Wokonza amamva loko wam'mwamba atalira n'kuganiza kuti ntchito yatha, chonsecho timano ta mbali inayo, tizitsulo ta m'munsi mwa RAM, sitinakhudze bwino, ndipo kompyuta ikayatsidwa fani imazungulira koma sikirini imangokhala yakuda. Apa m'pamene kasitomala amauzidwa kuti motherboard yapsa, n'kulipira ndalama zambiri pa chinthu chomwe chimangofunika kukanikizanso. Malangizo ake ndi akuti tizikanikiza mbali zonse ziwiri ndi zala zazikulu, kenako tiziyang'ana cham'mbali ngati golide wa timano akuonekerabe pamwamba pa slot, malo omwe RAM imalowa.

Tinakumbutsidwanso kuti loko akakana kutseka, nthawi zambiri wolakwa si loko. RAM ya mtundu wa DDR3 ili ndi timano 240, pamene DDR4 ndi DDR5 zonse zili ndi timano 288, koma kampata ka pakati kali pamalo osiyana, ndipo bungwe la JEDEC, lomwe limaika miyezo imeneyi, linachita dala chifukwa magetsi ake ndi osiyana: DDR3 imayendera mavoti 1.5, DDR4 mavoti 1.2, DDR5 mavoti 1.1. Wokakamiza RAM yolakwika amathyola slot, ndipo slot ikathyoka ntchito yake ndi ya wodziwa kuwotcherera.

Za malaputopu tinadutsapo mwachangu. RAM yake, SO-DIMM, imalowetsedwa mopendekeka pafupifupi madigiri 30 kenako n'kugonekedwa mpaka tizitsulo tiwiri ta m'mbali titaigwira. Pochotsa, tizitsuloto timangofunika kukankhidwira kunja pang'ono chabe, chifukwa tikapindika sitibwereranso mwakale, ndipo laputopu yotero imayenda bwino pa benchi yathu koma ikakwera basi ya ku Chitipa kapena kutsika mapiri a ku Nkhata Bay imakafika itazima. Chizolowezi chopinda pepala n'kulitsamiritsa pa RAM kuti chivundikiro chiziipanikiza chinadzudzulidwa kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa ife timachita zimenezi kasitomala akamafulumira.

Mkangano weniweni unabuka pa SSD ya mtundu wa M.2. Yofala kwambiri ndi ya 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, ndipo mwachizolowezi imagwidwa ndi ka screw kamodzi ka M2, konenepa mamilimita 2 okha, komwe kakagwa pansi pa shopu n'ngati kufuna njere ya mawere mumchenga. Pofuna kuthetsa vutoli, mu 2021 a ASUS anabweretsa Q-Latch, kapulasitiki komwe umangokazunguliza ndi chala kuti kagwire nsonga ya SSD. A MSI ali ndi EZ M.2 Clip, a Gigabyte ali ndi EZ-Latch, ndipo makompyuta ena a mu ofesi omwe amafika kuno atagwira kale ntchito amakhala ndi kamsomali kapulasitiki kongokanikiza. Anzathu ogulitsa makompyuta atsopano anayamikira njirazi, ndipo n'zoona kuti zimafulumizitsa ntchito komanso zimachotsa ngozi yoti screwdriver iterereke n'kukanda motherboard. Koma ine ndinagwirizana ndi omwe anati kwa ife, amene timalandira makina okalamba, nkhaniyi ili ndi mbali ina. Pulasitiki yomwe yakhala zaka pafupi ndi SSD yotentha imauma n'kumathyoka msanga, ndipo kaloko ka kampani ina sikalowa pa motherboard ya kampani ina, pamene ka screw ka M2 n'kofanana pa makina ambiri. Njira yopanda zida siichotsa vuto, imangolisamutsa kuchoka pa screw yotayika kupita pa kaloko kosowa kolowa m'malo mwake.

Tisafulumirenso kutaya ma screwdriver athu aang'ono. Mu December 2023 bungwe la JEDEC linavomereza mtundu watsopano wa RAM wotchedwa CAMM2, womwe unachokera ku CAMM yomwe a Dell anayamba kuika m'malaputopu awo ena mu 2022. RAM imeneyi imagona chafufumimba pa motherboard n'kupanikizidwa ndi ma screw, opanda loko aliyense. Malaputopu ambiri opyapyala nawonso amabwera ndi RAM yowotchereredwa pa motherboard, yosachotseka, ndipo n'bwino kumuuza kasitomala zimenezi asanagule, osati akabwera kudzafuna kuonjezera.

Zopempha zanga kwa komiti ndi izi. Gulu ligule bokosi limodzi la ma screw a M2 pamodzi ndi tizitsulo tomwe SSD imatsamirapo, lizisungidwa pamalo amodzi m'tauni kuti wa ku Luwinga, wa ku Katoto ndi wa ku Chibavi azitha kutenga osadikira katundu wochokera kutali. Motherboard yakufa tisamaitaye tisanachotsepo timaloko ta M.2 ndi kulemba mtundu wa makina omwe tachokera. Ndikupemphanso kuti tikonze tsiku lophunzitsa anyamata ndi atsikana omwe akuphunzira ntchito m'mashopu athu, aliyense alowetse ndi kuchotsa RAM pa motherboard yakufa mpaka dzanja lizolowere, aphunzirenso kuzula chingwe cha magetsi ndi kukhudza chitsulo cha kompyuta asanagwire RAM, makamaka m'miyezi youma ya September ndi October.

Ndabwerako ndi motherboard imodzi ya loko wa mbali imodzi yomwe ophunzitsa anatipatsa, ndipo ndidzafika nayo pa msonkhano wathu wotsatira kuti aliyense aiyese yekha.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu