Opanga ndege zanuzanu, ganizirani mmene injini ikupumira

Akonzi,

Nthawi ndi nthawi timamva za anyamata amene akupanga ndege ndi zitsulo zotolatola, nde anthu amangokamba za mapiko ndi kukula kwa injini basi, palibe amafunsa kuti injiniyo mpweya ikuutenga kuti. Ine ndine makaniko kuno ku Zomba ndipo papita chaka ndikuthandiza mphwanga kumanga kandege kokwera munthu mmodzi, tinaikamo injini ya Volkswagen Beetle ija yopanda ladiyeta, yomwe maiko akunja akhala akuiika pa tindege totere kwa zaka zambiri. Sikanauluke, tikungokalizira pansi titakamangirira, koma zomwe taona pa mpweya ndati ndisakhale nazo ndekha.

Injini ya petulo imafuna mpweya wolemera pafupifupi makilogalamu 15 kuti iwotche bwino kilogalamu imodzi ya mafuta. Mpweya ukachepa olo muthire mafuta ambiri bwanji mphamvu kulibe, ndi utsi wakuda wokhawokha. Ndiye ife kuno tinayamba kale ndi ngongole, tauni yathuyi ili pafupifupi mamita 900 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo injini yopanda tebo (chipangizo chopanikizira mpweya wambiri mu injini) imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse mukakwera mamita 300, kutanthauza kuti tisanadzuke nkomwe pafupifupi 9 pa 100 yapita kale. Phiri la Zomba limapitirira mamita 2,000, pamenepo gawo limodzi mwa asanu latha. Onjezanipo kutentha kwa Okutobala.

Ife tinalakwitsa poyamba, kabuleta tinaisiya mkati mwa kava ya injini pafupi ndi ekizozi, nde tikatseka kava injini ikatentha inkangofooka, ife nkumalimbana ndi mapulagi masiku angapo osadziwa kuti ikumeza mpweya wootcha womwe wadutsa kale pa masilinda. Mpweya kutentha kwake kukakwera ndi madigiri 30 umapepuka pafupifupi 10 pa 100. Tinatulutsa kamwa la paipi yolowetsa mpweya kutsogolo, kuseri kwa pulopela, tinachotsanso hozi ija yamakwinya mkati nkuika paipi yosalala yosakhotakhota, kukamwa kwake tinakukuza ngati lipenga kuti mpweya uzilowa osapunthwa. Kulira kwake kunasintha tsiku lomwelo.

Ena amati paipi ikayang'ana kutsogolo mphepo imakankhira mpweya ngati tebo. Zoona imakankha koma pang'ono zedi, pa liwiro la makilomita 150 pa ola ndi pafupifupi 1 pa 100 basi. Chonde musachotse fyuluta chifukwa chofuna kakang'ono kameneko, fumbi lathu la m'chilimwe limadya malingi a mapisitoni ngati sandipepa. Ikani fyuluta yaikulu, yamalo ambiri, mpweya uzidutsa osavutika.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi ichi. Injini mukaipatsa mpweya wozizira mwaitananso vuto lina, pakhosi pa kabuleta pamazizira kwambiri petulo akamasanduka nthunzi, madigiri 20 kapena kuposa amatha kutsika, nde kukakhala chinyezi ngati nthawi ya chiperoni mu Juni ndi Julayi madzi amaundana mkatimo olo kunja kukuoneka kuti sikukuzizira kwenikweni, khosi nkutsekeka pang'onopang'ono mpaka injini kuzima. Pagalimoto umangoima pambali pa msewu, mmwamba uima pati? Nchifukwa chake ndege zenizeni za kabuleta zimakhala ndi kachitseko kokoka ndi kebulo, kotenga mpweya wofunda wozungulira ekizozi pamene woyendetsa akuufuna. Mphwanga ankati nzolemetsa ndege, ndinamuuza kuti popanda chimenecho ine sipanala yanga ndanyamula. Komanso mukasintha njira ya mpweya onaninso majeti (timabowo todutsa petulo mu kabuleta), mpweya ukachuluka mafuta nkuchepa mitu ya masilinda imatentha moopsa, mapulagi amayera mbuu.

Pempho langa kwa inu akonzi, mukamalemba za anyamatawa muzifunsako mainjiniya a ndege a ku Chileka kapena asilikali athu a ku Airwing kuno afotokozeko zinthu ngati zimenezi m'Chichewa. Kandege kathu ife sikachoka pansi mpaka akuluakulu oona za ndege atabwera kudzakaona.

Makaniko,
Chinamwali, Zomba