Tisanapemphe mabuku ena, tiyambe takonza denga ndi kaundula wa laibulale yathu

Okondedwa a Mkonzi,

Tiloleni danga m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi anthu amene akufuna kuthandiza laibulale ya m'dera lawo, kaya ndi nthambi ya National Library Service, kaya ndi kachipinda ka mabuku pasukulu, pa TDC (malo amene aphunzitsi a m'dera amachitira maphunziro) kapena patchalitchi. Anthu a mtima wotere alipo ambiri: aphunzitsi opuma ntchito, achinyamata amene akudikira zotsatira za MSCE, amayi a m'magulu a mpingo, ngakhalenso abale athu amene ali ku Joni ndi ku Ulaya. Ambiri mwa iwo akati athandize amathamangira kusonkhanitsa mabuku. Ife amene timagwira ntchito imeneyi tikuti mabuku abwere pambuyo. Zimene zimapha malaibulale athu ang'onoang'ono ndi denga lodontha, chiswe, kaundula wosalembedwa, ndi chitseko chimene chimapezeka chokhoma pa nthawi imene chikwangwani chikuti ndi chotsegula.

Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 ndipo linayamba ntchito mu 1968. Likulu lake lili ku Lilongwe, lili ndi nthambi ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena, ndipo limalandira mabuku kuchokera ku mabungwe monga Book Aid International. Koma ogwira ntchito ake sangafike pa shelefu iliyonse m'dziko muno, n'chifukwa chake manja a anthu odzipereka ali ofunika. Poyambira pake ndi apa: pitani kwa amene akuyang'anira laibulaleyo, kapena kwa a hedi ngati ili pasukulu, mukawafunse chimene chikuwasowetsa tulo. Musafike ndi kuyamba kusuntha mabuku mmene mukuonera inu. Buku limene laikidwa pa shelefu yolakwika ndi lotayika ngakhale lili m'nyumba momwemo.

Ntchito ya denga ichitike mu Seputembala kapena Okutobala, mvula isanagwe. Lowani m'chipindamo masana dzuwa lili paliwombo, tsekani chitseko ndi mazenera, kenaka yang'anani kumwamba. Paliponse pamene pakulowa kuwala padzalowanso madzi. Ngati pali siling'i, fufuzani zipsera za madzi a chaka chatha. Kawirikawiri vuto limakhala pa misomali imene inakhomedwa m'chigwa cha lata m'malo mwa pamsana pake, kapena pamene malata awiri anangogundana osasanjikizana mokwanira. Kalipentala wa m'dera lomwelo akhoza kukonza zimenezi ndi misomali ya malata ndi phula lomatira. Mukumbenso ngalande kuzungulira nyumbayo kuti madzi asamadikhe m'tsinde mwa khoma, chifukwa khoma lonyowa limapatsira chinyezi ku mabuku ngakhale denga lili bwino.

Chiswe ndiye mdani wamkulu, ndipo sichichita phokoso. Chimachokera m'nthaka, kulowera m'ming'alu ya simenti, n'kumanga tinjira ta dothi pakhoma kapena pa mwendo wa shelefu. Chimayamba kudya buku mkati, kunja kukuoneka bwinobwino, moti pamene munthu akulitsegula amapeza dothi lokhalokha. Choncho thabwa lapansi la shelefu likhale masentimita 15 kuchokera pansi, ndipo shelefu yonse italikire khoma ndi masentimita 10 kapena kupitirira, kuti tsache lizilowa ndi diso lizipenya. Munthu mmodzi apatsidwe udindo wozungulira ndi tochi kamodzi pa sabata, kuunika kuseri ndi kunsi kwa shelefu iliyonse. Akapeza kanjira ka dothi, mabuku a pamenepo achotsedwe tsiku lomwelo, kanjirako kaphwanyidwe ndi kutsatidwa mpaka pa mng'alu pamene kachokera, mng'aluwo umatidwe ndi simenti. Mankhwala a chiswe athiridwe pansi ndi m'mbali mwa nyumba ndi munthu wodziwa ntchitoyo. Musapopere mankhwala pa mabuku: ana amanyambita chala potsegula tsamba. Makatoni a mabuku osiyidwa pansi pakona ndiwo amaitana chiswe msanga kuposa china chilichonse. Mphemvu ndi makoswe zimabwera kutsata nyenyeswa za mandasi ndi makoko a nzimbe, motero chakudya chizithera panja.

Buku likanyowa, nthawi ndi yochepa. Pakangopita masiku awiri lili lonyowa m'nyengo yotentha, limayamba chuku. Musaliyanike padzuwa, chifukwa chikuto chimapindika ndipo guluu wa pamsana amauma n'kusweka. Liimikeni chilili pa tebulo pamthunzi podutsa mphepo, masamba ali otambasuka pang'ono. Ngati lanyowa kwambiri, ikani pepala loyera louma pakati pa masamba 20 alionse, muzisintha mapepalawo akanyowa, koma musachulukitse kuopa kuthyola msana. Nyuzipepala musagwiritse ntchito, inki yake imadetsa. Mabuku a mapepala osalala onyezimira, monga a zithunzi a ana, alekanitseni tsamba ndi tsamba akadali onyowa. Akangouma ataphatikana, salekananso. Likatsala pang'ono kuuma, ligonekeni ndi kulipsinja ndi njerwa zokulungidwa m'pepala. Limene lachita kale chuku liumitsidwe kaye, kenaka lipukutidwe panja ndi burashi yofewa, wopukutayo atatseka mphuno ndi pakamwa, ndipo lisabwerere pa shelefu likadanunkha.

Pa kukonza mabuku ong'ambika, anthu a mtima wabwino amawononga zambiri ndi selotepi. Pakapita zaka zochepa selotepi amauma n'kumatuka, kusiya banga lachikasu limene silichoka, ndipo nthawi zina amamatuka ndi zilembo zomwe. Phala la ufa nalo limaitana mphemvu. Chofunika ndi guluu woyera amene akalipentala amamatira matabwa, kaburashi kakang'ono, ulusi wolimba, singano yaikulu, sizasi, ndi zidutswa za nsalu ya thonje zimene atelala amataya. Tsamba lothothoka limapakidwa guluu m'mphepete mokha, kamzere ka mamilimita 3, n'kulowetsedwa mpaka mkati mwa msana. Ikani kapepala ka pulasitiki mbali zonse ziwiri kuti masamba oyandikana nawo asagwirane, tsekani buku, lipsinjeni usiku wonse. Msana wong'ambika umafuna nsalu yotalika ngati bukulo, yoposa msanawo ndi masentimita 3 mbali iliyonse. Timabuku topyapyala ta ana timabwera ndi timawaya ta sitepula timene timachita dzimbiri n'kudya pepala. Chotsani timawayato, boolani mabowo atatu pamzere wapakati, sokani ndi ulusi kuyambira pa bowo lapakati, kupita lakumwamba, kudumphira lakumunsi, n'kubwerera pakati pomanga mfundo. Anthu anayi atakhala pa tebulo Loweruka m'mawa akhoza kubwezera pa shelefu mulu wa mabuku amene akanatayidwa.

Tsopano kaundula. Buku lililonse lolowa lipatsidwe nambala yakeyake, ndipo m'kaundula mulembedwe nambalayo, tsiku, wolemba, mutu wa buku ndi kumene lachokera. Nambala yomweyo ilembedwe m'bukumo, chidindo chidindidwe pa tsamba loyamba ndi pa tsamba lina lamkati limene mwagwirizana, kuti ngakhale wina atang'amba loyambalo bukulo lizidziwikabe likapezeka pamsika. Mabuku ofanana khumi ndi manambala khumi. Pa mashelefu tsatirani ndondomeko ya Dewey imene malaibulale ambiri amagwiritsa ntchito, yosanja mabuku ndi manambala molingana ndi nkhani zake: 200 zachipembedzo, 400 zilankhulo, 500 sayansi ndi masamu, 600 zaumoyo, ulimi ndi luso la manja, 800 ndakatulo ndi zolembalemba, 900 mbiri ndi maiko. Mabuku a ana ang'ono akhale pansi pamene manja awo angafike, chikuto chikuyang'ana kutsogolo.

Kaundula wachiwiri ndi wa obwereka: dzina, sukulu kapena mudzi, nambala ya buku, tsiku lobwereka ndi tsiku lobweza. Mabuku awiri kwa masiku 14 ndi muyezo wabwino. Pano tili ndi maganizo amene ena sagwirizana nawo: chindapusa chachikulu chimataya mabuku. Mwana amene wachedwa sabata zitatu ndipo alibe ndalama sabweranso, ndiye laibulale imaluza buku ndi wowerenga yemwe. Ndi bwino kutumiza maina kwa a hedi kapena kwa a mfumu, ndi kulengeza sabata imodzi pa teremu yobweza mabuku popanda kulipira kapena kufunsidwa mafunso. Mabuku a silabasi ya JCE ndi MSCE, amene amasowa kwambiri mayeso akayandikira, asamatuluke. Aziwerengedwa momwemo, munthu atasiya chitupa pa tebulo. Kamodzi pa chaka tsekani masiku awiri, muwerenge buku lililonse molingana ndi kaundula.

Zonsezi zikakhala m'malo, apo m'pamene tingapemphe mabuku, ndipo tizipempha ndi mndandanda m'manja. Walira mvula walira matope: katoni iliyonse yofika imafuna woisanthula, wodinda, wolemba ndi malo pa shelefu. Abale athu akunja, chonde funsani kaye musanatumize. Mabuku ophunzitsa kompyuta a zaka 20 zapitazo, a malamulo a msonkho a dziko lina, kapena a zamankhwala amene malangizo ake anasintha kale amangodzaza malo, ndipo ndalama yonyamulira ikanagula mabuku konkuno. Chimene chimasowa ndi mabuku a ana a m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, mabuku a silabasi ya panopa, madikishonale, mapepala a mayeso akale a MANEB, ndi mabuku a ulimi, ziweto ndi bizinesi zazing'ono. Komiti isaope kukana kapena kuchotsa buku losathandiza. Komanso isachotse buku chifukwa chongooneka lakale kapena lovuta. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anabwereka m'kalaibulale ka pasukulu ya pulaimale mabuku a sayansi a m'Chingerezi chimene sankachidziwa bwino, natsatira zithunzi zake mpaka kupanga makina a mphepo opereka magetsi mu 2002. Kuti zitheke, panafunika munthu wotsegula chitseko ndi shelefu youma.

Za chitsekocho tinenepo mosabisa. Ndi bwino kulemba kuti mumatsegula masiku atatu pa sabata kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko n'kumakwaniritsa, kusiyana ndi kulonjeza masiku onse n'kumalephera. Mwana amene wayenda makilomita atatu n'kupeza loko kawiri, kachitatu sabwera. Pa ndandanda, munthu asapatsidwe maola oposa atatu pa sabata, pazikhala anthu awiri nthawi iliyonse, ndi wachitatu wodikira ngati wina wapita kumaliro kapena kuchipatala. Nthawi yodzala ndi yokolola ndandanda ikonzedwenso. Makiyi akhale awiri kwa anthu odziwika, osati kumangopatsirana panjira. Nkhani ya alawansi ikambidwe pa msonkhano woyamba: ngati palibe ngakhale ya sopo, anthu auzidwe tsiku lomwelo. Magulu ambiri amatha m'mwezi wachitatu chifukwa ena anali kuyembekezera kangachepe kamene palibe anakalonjeza. Achinyamata mukhoza kuwathokoza ndi kalata yochitira umboni ntchito imene agwira, yosainidwa ndi woyang'anira, imene imawathandiza pofunsira ntchito.

Ndalama nazo zimagawanitsa anthu. Zopereka zisalowe mu Mpamba kapena Airtel Money ya munthu mmodzi popanda wina woona. Pakhale msungichuma, anthu awiri osainira ndalama iliyonse yotuluka, buku la malisiti, ndi pepala lomatidwa pakhoma mwezi uliwonse losonyeza zimene zalowa ndi zimene zagulidwa.

Kuwerengera ana ndi ntchito yokoma kuposa zonse, koma nayo ili ndi malamulo ake. Gulu lisapose ana 20, a msinkhu wofanana, kwa mphindi 30 kapena 40. Wowerenga aliwerenge bukulo yekha kunyumba kaye, aligwire moti ana aziona zithunzi, aziima n'kufunsa kuti "mukuganiza kuti chichitike n'chiyani?" Pomaliza mwana aliyense agwire buku m'manja, atasamba kaye, choncho ndowa ya madzi ndi sopo zikhale pakhomo. Agogo odziwa nthano aitanidwe, ndipo wina azilemba nthanozo m'kope kuti zikhale chuma cha laibulaleyo. Munthu wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, ndipo zonse zizitha dzuwa likadalipo kuti ana, makamaka atsikana, afike kwawo kukuwala.

Ngati ophunzira akuluakulu akufuna kuwerenga madzulo, gulani nyale za sola. Kandulo ndi koloboyi zisalowe m'nyumba ya mabuku ngakhale tsiku limodzi. Mu Disembala 2015 moto unanyeketsa laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000, ndipo kachipinda ka pamudzi sikangatenge ngakhale mphindi khumi kuti kapse. Mawaya a magetsi aonedwe ndi katswiri, pakhomo pakhale ndowa ziwiri za mchenga, ndipo pamene pali chozimitsira moto odzipereka onse aphunzitsidwe kuchigwiritsa ntchito.

Kwa makhansala ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, pempho lathu n'lakuti pokambirana za ndalama za CDF (thumba la chitukuko cha m'dera la phungu) mulole laibulale ilowe pa mndandanda wa zitukuko monga mmene milatho ndi mijigo imalowera. Makomiti a laibulale asadikire kuitanidwa. Atengere nkhaniyi ku makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC atalemba kale chiwerengero cha malata, matumba a simenti, matabwa ndi nyale zimene zikufunika, mtengo wa chilichonse, ndi kaundula wosonyeza anthu amene analowa kudzawerenga m'miyezi itatu yapitayi.

Ndife,
Odzipereka pa ntchito ya malaibulale