Kuwoloka malire kukadya kulesitilanti ku Britain: Tier ya kwanu imakutsatirani

(Kalatayi inalembedwa pa 15 Disembala 2020. Malamulo, zindapusa ndi ndalama zotchulidwa muno ndi za nthawi imeneyo, sizikugwiranso ntchito lero.)

A Mkonzi,

Tiloleni malo pang'ono tilankhule ndi abale athu Amalawi okhala ku Britain, makamaka a ku Leicester, Nottingham, Birmingham, Manchester ndi Leeds, pa nkhani yokwera galimoto kukadya kulesitilanti ya m'dera lina poti za kwanu n'zotseka. Chitsegulireni dziko la England pa 2 Disembala 2020, anthu ambiri akuganiza kuti ukangowoloka malire a khonsolo, malamulo a Covid-19 a kwanu wawasiya m'mbuyo. Sizili choncho. Wokhulupirira zimenezi akhoza kubwezedwa pakhomo ndi njala yake, kulipitsidwa chindapusa, kapena kukhala masiku 10 osapita kuntchito.

Ku England madera agawidwa m'magulu atatu a malamulo a Covid-19, otchedwa Tier. Mu Tier 1 anthu 6 ochokera m'nyumba zosiyana akhoza kukhala patebulo limodzi m'kati, koma madera otere alipo atatu okha: Cornwall, Isle of Wight ndi Isles of Scilly, ndipo onsewo ndi kutali ndi kumene ambiri a ife tikukhala. Mu Tier 2 malesitilanti ndi otsegula, koma m'kati mumakhala ndi anthu a m'nyumba mwanu okha kapena a mu support bubble yanu, ndiko kuti nyumba ina imene lamulo likuiwerenga ngati imodzi ndi yanu. Panja ndiye mukhoza kukwana 6, ndipo ku England ana amawerengedwa pa 6 ameneyo, ngakhale wakhanda. Chakudya ndi chakumwa chomaliza amalandira 10 koloko usiku, malo n'kutsekedwa 11 koloko. Mu Tier 3 palibe kukhala pansi n'kudya. Chololedwa ndi takeaway, kukuperekerani kunyumba, kapena kutengera pawindo muli m'galimoto.

Vuto likuchokera pa mmene mizere inajambulidwira. Greater Manchester ili mu Tier 3 pamene Cheshire ili mu Tier 2, moti munthu wa ku Stockport amafika ku Wilmslow asanamalize n'kumvera nkhani pawailesi. Leicester ndi Leicestershire yonse zili mu Tier 3, koma Rutland ndi Northamptonshire zili mu Tier 2. Birmingham ndi Worcestershire chimodzimodzi, Leeds ndi York chimodzimodzi. M'mudzi wa Groombridge malire a Kent ndi East Sussex anadutsa pakati, ndiye bala la mbali ya Kent n'lotseka pamene la mbali inayo likugulitsa, ulendo wake wapansi. Munthu akaona zotere amati malamulowa alibe mutu, ndipo sitimunena. Koma wapolisi kapena mwini lesitilanti safunsa ngati malamulo ali ndi mutu. Amafunsa kumene mumagona.

Apa ndi pofunika kusiyanitsa lamulo ndi langizo, chifukwa boma linazisakaniza polengeza. Langizo likuti wokhala mu Tier 3 asatuluke m'dera lake pokhapokha pa zifukwa ngati ntchito, sukulu, chipatala kapena kusamalira munthu. Kudya kulesitilanti sikuli m'gulu limeneli. Komabe ku England kuyendako pakokha si mlandu. Mlandu uli pa kusonkhana: lamulo likuletsa wokhala mu Tier 2 kapena Tier 3 kukhala m'kati mwa nyumba ina iliyonse pamodzi ndi anthu a pakhomo lina, kaya ndi m'dera lake kaya kunja kwake. Choncho bambo, mayi ndi ana awo ochokera ku Leicester akakadya okha ku Oakham, ku Rutland, anyozera langizo. Koma akakakumana kumeneko ndi achimwene a ku Corby, ku Northamptonshire, n'kukhala tebulo limodzi m'kati, onse aswa lamulo. Ngakhale mutapita ku Cornwall kumene eni dera akudya anthu 6 patebulo, inu a Tier 2 simuloledwa kutero m'kati.

Chindapusa choyamba ndi £200, ndipo chimatsika kufika pa £100 mukalipira pasanathe masiku 14. Mukabwereza chimawirikiza kawiri nthawi iliyonse mpaka £6,400. Amalipitsa munthu aliyense payekha, osati tebulo. Wokonza phwando la anthu opitirira 30 akhoza kulipitsidwa £10,000. Mukalandira kapepalako musakabise m'dirowa: mukapanda kulipira m'masiku 28 nkhani ikhoza kupita kukhoti, ndipo kwa ife amene timadzaza mafomu a viza, mlandu wa kukhoti ndi chinthu chimene adzakufunsani zaka zikubwerazi. Apolisi a ku North Yorkshire ananena poyera kuti aziyendera misewu ya m'malire ndi madera a Tier 3, ndiye musadabwe akakuimitsani panjira ya ku York n'kukufunsani kumene mukupita.

Ambiri sabwezedwa ndi apolisi, amabwezedwa ndi mwini malo. Lesitilanti imene yalandira gulu losaloledwa ikhoza kulipitsidwa kuyambira £1,000 mpaka £10,000, ndipo palibe mwini bizinesi amene angaike chiphaso chake pachiswe chifukwa cha mbale zisanu za nkhuku. N'chifukwa chake malo ambiri a m'malire akufunsa postcode mukamasungitsa tebulo, ena n'kufunanso kuona laisensi yoyendetsera galimoto kapena kalata yosonyeza adiresi mukafika pakhomo. Ali ndi ufulu wokukanani ngakhale muli a nyumba imodzi. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti munthu wasungitsa pa intaneti, walipira dipoziti ya aliyense, osawerenga pamene alemba kuti a Tier 3 salandiridwa, ndiye dipoziti ija yapita pamodzi ndi mafuta a galimoto. Ena amalemba postcode ya m'bale wawo. Chonde musatero. Dzina ndi nambala ya foni zimene mumasiya pakhomo, kapena QR code imene mumajambula ndi app ya NHS Covid-19, n'zimene zimathandiza kuti muchenjezedwe ngati pamalopo panali wodwala. Malo amasunga mndandandawo masiku 21. Mukanama, amene wapusitsidwa ndi inuyo ndi a m'nyumba mwanu, komanso mtsikana woperekera zakudya amene anaima pafupi nanu usiku wonse.

Za mowa tinene mwachidule. Mu Tier 2 mowa umagulitsidwa pamodzi ndi chakudya chenicheni, chodyera patebulo ngati nkhomaliro kapena mgonero. Mtedza ndi tchipisi ta m'paketi sizikuwerengedwa. Nduna zenizenizo zinasokonezana pa Scotch egg, dzira lowiritsa lokutidwa ndi nyama yogaya: a George Eustice anati mwina likukwana, a Michael Gove anayamba anena kuti n'chongotsegulira m'mimba kenako n'kusintha. Pamalopo woweruza ndi mwini malo, ndipo mukamaliza kudya musayembekezere kukhala maola atatu mukuitanitsa mabotolo. Kuitanitsa konse kumachitika muli pampando, ndipo mukaimirira kupita kuchimbudzi muvale masiki.

Njira imene ambiri akuthawira ndi tebulo la panja, poti mu Tier 2 limalola anthu 6 a m'nyumba zosiyana. Izi n'zololedwa kwa a Tier 1 ndi Tier 2, koma wa Tier 3 amaloledwa kukumana ndi anzake pamalo ngati paki basi, osati pabwalo la lesitilanti kapena kuseri kwa nyumba ya munthu. Komanso si tenti iliyonse imene ili panja. Ngati ili ndi denga, theka la makoma ake kapena kupitirira liyenera kukhala lotsegula, muyeso womwe uja wa malo osutira fodya. Kuzizira kwa Disembala kukachuluka, ena amatsitsa mbali zonse n'kuyatsa mbaula. Pamenepo mwalowa m'chipinda, ndipo mpweya wake suyenda kuposa wa m'kati mwa lesitilanti momwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukafika n'kupeza tenti yotsekeka mbali zonse, pemphani atsegule kapena musakhalemo.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri si tebulo, ndi galimoto. Mwa chizolowezi chathu sitisiya mnzathu pamsewu, ndiye ulendo wa ku Northampton umakhala wa anthu asanu a m'nyumba zitatu m'galimoto imodzi, mawindo otseka, chotenthetsera chili pamwamba, ola limodzi kupita ola limodzi kubwera. A Test and Trace, ofufuza anthu amene anakhudzana ndi odwala, amawerenga aliyense amene munakwera naye galimoto ngati munthu amene mwakhudzana naye, chimodzimodzi amene munakhala naye pafupi kosakwana mamita 2 kwa mphindi zopitirira 15. Munthu amatha kupatsira ena masiku awiri zizindikiro zisanaoneke, choncho mawu oti “tonse tili bwinobwino” sateteza aliyense. Mmodzi akayamba zizindikiro Lolemba n'kupezeka ndi kachilomboka, onse amene anali m'galimoto Loweruka adzauzidwa kuti abindikire. Kuyambira pa 14 Disembala masiku ake ndi 10, osatinso 14, koma kubindikirako ndi lamulo, ndipo wotuluka chindapusa chake chimayambira pa £1,000. Ndalama ya odwala ya Statutory Sick Pay ndi £95.85 pa sabata, ndipo £500 ya boma yothandiza obindikira sipatsidwa kwa aliyense. Wogwira mashifiti a ejensi awerengere yekha za lendi ndi ndalama imene amayenera kutumiza kumudzi pa Khirisimasi.

Tisaiwalenso kumene ambiri a ife timagwira ntchito. M'nyumba zosamalira okalamba ndi m'zipatala muli anthu athu ochuluka, ndipo kachilombo kotengedwa pa mgonero wa Loweruka kakhoza kufika kwa agogo a zaka 90 sabata yotsatira. Katemera anayamba kuperekedwa pa 8 Disembala ku Coventry, ndipo ogwira ntchito zosamalira okalamba ali kutsogolo pamzere. Kudwala kapena kudwalitsa ena panopa, katemera ali pakhomo, n'chinthu chowawa kwambiri.

Malire a Wales ndi Scotland ndi nkhani ina, chifukwa kumeneko kuyenda kwenikweniko ndi mlandu. Kuyambira pa 4 Disembala, Wales ikuletsa mwalamulo kulowa kapena kutuluka pakati pa dzikolo ndi madera a Tier 3, moti wa ku Bristol sangawoloke mlatho wa Severn kukadya ku Cardiff. A Tier 1 ndi Tier 2 akhoza kulowa, koma akapeza malesitilanti ndi mabala akutseka 6 koloko madzulo ndipo sakugulitsa mowa n'komwe. Patebulo amalola anthu 4 a m'nyumba zosiyana, osawerengera ana osakwana zaka 11. M'mudzi wa Llanymynech malire a Powys ndi Shropshire anatsata msewu waukulu, kotero mbali imodzi mowa ulipo pamodzi ndi chakudya, mbali inayo kulibe. Scotland ili ndi magawo asanu, 0 mpaka 4, ndipo chiyambire pa 20 Novembala n'zoletsedwa kuwoloka pakati pa Scotland ndi England popanda chifukwa chomveka, komanso kulowa kapena kutuluka m'dera la Level 3 kapena 4. Glasgow inatsika kuchoka pa Level 4 kufika pa 3 pa 11 Disembala, Edinburgh nayo ili pa 3, ndipo kumeneko malesitilanti amatseka 6 koloko, opanda mowa. Chindapusa m'maiko awiriwa chimayambira pa £60.

Ena akudalira masiku a Khirisimasi. N'zoona kuti kuyambira pa 23 mpaka 27 Disembala nyumba zitatu zikuloledwa kukhala pamodzi ndipo kuyenda kudzamasuka. Koma chilolezocho n'cha kunyumba, kutchalitchi ndi malo a panja ngati paki. Sichikufika kulesitilanti kapena kubala. Kumeneko malamulo a Tier adzakhala momwe alili, ndipo mu Tier 3 adzakhalabe otseka.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Mu Ogasiti linkalipira theka la bilu, mpaka £10 pa munthu, kuti anthu azikadya kunja, ndipo lero likudabwa kuti anthu azolowera. Kuika dera lonse la Kent kapena Warwickshire m'gulu limodzi, matauni a odwala ochepa pamodzi ndi a odwala ambiri, kunakwiyitsa anthu ndi makhonsolo omwe. Ndipo kunena kuti “musapite” popanda kufotokoza ngati ndi lamulo kapena pempho kwasiyira ntchito ya upolisi achinyamata oima pakhomo la lesitilanti, amene malipiro awo ndi ochepa kale. Mukakanizidwa kulowa musawakalipire, si iwo anajambula mapu.

Kwa a Tier 2 amene akufunadi kukadya m'dera lina la Tier 2: lembani postcode yanu ndi ya kumene mukupita pa tsamba la gov.uk m'mawa wa tsiku la ulendo, imbani foni kulesitilanti munene kumene mukuchokera ndi kuchuluka kwa nyumba zimene zikubwera, funsani ngati dipoziti idzabwezedwa dera likasintha Tier, ndipo nyumba iliyonse ikwere galimoto yake. A Tier 3 itanitsani takeaway pamalo a pafupi ndi kwanu, makamaka poimba foni mwachindunji kuti ndalama yonse ipite kwa mwini malo osati kwa kampani yoperekera.

Masiku ano Tier ikusintha mwadzidzidzi. London, pamodzi ndi mbali zina za Essex ndi Hertfordshire, ikulowa mu Tier 3 mawa Lachitatu pa 16 Disembala, atangolengeza dzulo, tsiku lomwe nduna ya zaumoyo a Matt Hancock anauza Nyumba ya Malamulo za mtundu watsopano wa kachilomboka umene ukufalikira kum'mwera chakum'mawa kwa England. Amene munasungitsa matebulo ku London a sabata ino imbani lero za ndalama zanu, ndipo a madera ena dikirani zotsatira za kuunikanso ma Tier kumene boma lichite pa 16 Disembala musanalipire dipoziti ya Chaka Chatsopano.

Ndife,
Amalawi ogwira ntchito m'malesitilanti ndi m'nyumba zosamalira okalamba,
East Midlands, England
15 Disembala 2020