Kwa makasitomala athu: tikusintha pulogalamu yokonzera makompyuta anu tili kutali

Okondedwa makasitomala athu,

Tikukhulupirira kuti muli bwino komanso malonda akuyenda. Takulemberani kukudziwitsani kuti kuyambira pa 1 mwezi wamawa tisiya pulogalamu imene takhala tikulowera nayo m'makompyuta anu tili ku ofesi kuno ku Lilongwe, ndipo tiyamba kugwiritsa ntchito ina yotchedwa RustDesk. Ndalama zimene mumalipira pamwezi sizikwera.

Ambiri a inu ntchito imeneyi mumaidziwa. Printa ya malisiti yakana, anthu ali pamzere, mwatiimbira foni. Mumatiwerengera nambala imene ili pa sikirini, kenako mumangoona kamuvi ka mouse kakuyenda kokha, ndipo pakapita mphindi pang'ono risiti yatuluka. Kwa inu a ku Karonga, Mangochi ndi Mulanje, njira imeneyi ndiyo imatipulumutsa tonse ku ulendo wa pa basi komanso kutseka shopu tsiku lonse podikira wokonza. Ndiye chifukwa chake nkhaniyi sitinaitenge mopepuka.

Gwero la kusinthaku ndi madola. Laisensi ya pulogalamu yakale timalipira kunja chaka ndi chaka. Reserve Bank of Malawi itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake m'makwacha unalumpha, koma tinalimba mtima osakukwezerani. Chimene chinatipweteka kwambiri ndi cha chaka chatha: ndalama tinali nazo m'manja, koma madola anachedwa kupezeka, laisensi inatha, ndipo kwa masiku awiri tinalephera kulowa m'kompyuta iliyonse. Mayi wina wogulitsa mankhwala anatiimbira kanayi tsiku limodzi, kumapeto kwa mwezi, akulemba malisiti pamanja. Tinachita manyazi, ndipo tinagwirizana kuti zisadzachitikenso.

Ena mwa inu anatifunsa kuti bwanji osangotenga zaulere. TeamViewer ndi AnyDesk, onse ochokera ku Germany, ali ndi mitundu yaulere, koma eni ake amanena momveka kuti imeneyo ndi ya munthu wothandiza m'bale wake kapena wolowa m'kompyuta yake ya kunyumba. Ya bizinesi ndi yolipira, ndipo sitifuna kukutumikirani mozembera malamulo. Chrome Remote Desktop tinaiyesanso. Ndi yabwino kwa munthu mmodzi wa makompyuta awiri kapena atatu, koma siinakwanire kuchuluka kwa makasitomala athu.

Imene tinakambirana nthawi yaitali ndi Remote Desktop yobwera ndi Windows. Tinaikana pa zifukwa zooneka. Makompyuta ambiri amene mumagula m'mashopu amakhala ndi Windows Home, yomwe siilola kuti munthu alowemo mwa njira imeneyi. Ndiponso wokonza akalowa, sikirini yanu imatsekeka, inu osaona chimene akuchita. Ife timafuna kuti muzitiona. M'kompyutamo muli mabuku a ndalama, mayina a odwala, malipiro a antchito, ndipo mwini wake ali ndi ufulu woyang'ana dzanja lililonse logwira zinthu zimenezi. Kuwonjezera apo, kutsegula khomo la pa netiweki lotchedwa port 3389 kuti pulogalamuyi ifikike pa intaneti ndi njira yodziwika imene mbava za ransomware zimalowera, zija zimatseka mafayilo anu n'kumafuna dipo.

RustDesk ndi ya open source, kutanthauza kuti mmene inalembedwera n'zoonekera kwa aliyense wofuna kuiunika, ndipo imalola kuti kampani ikhale ndi seva yakeyake, kompyuta yolumikiza makompyuta athu ndi anu. Taika yathu mu ofesi muno, pa mabatire ndi sola kuti magetsi akathima isazime. Imagwira ntchito pa Windows, macOS, Linux ndi Android, ndipo netiweki ikakhala yofooka tikhoza kuchepetsa kuoneka bwino kwa chithunzi kuti bando yanu isathe msanga. Tikuuzeni poyera kuti udindo tsopano uli pa ife. Seva ikavuta palibe wina woti timuloze chala. Ndi ntchito yathu kuisamala ndi kuikamo zokonza zatsopano nthawi yake ikakwana, ndipo taulandira udindowo.

Kumbali yanu ntchito ndi yochepa. M'masabata awiri akubwerawa, mmodzi wa ife akuimbirani kuchokera pa nambala ya ofesi yathu imene mumaidziwa kale, kuti mugwirizane nthawi yoti kulibe makasitomala ambiri. Adzaika RustDesk inu mukuona, n'kuchotseratu pulogalamu yakale, chifukwa khomo losagwiritsidwa ntchito silifunika kusiyidwa lotsegula. Zonsezi sizidutsa mphindi 20 pa kompyuta imodzi. Kuyambira pamenepo, mukafuna thandizo muzitiwerengera nambala ya ID, ndipo pa sikirini pazibwera uthenga wopempha chilolezo. Mukapanda kuvomera, ife sitilowa. Makompyuta okhawo amene tizilowamo popanda munthu pampando ndi maseva amene munatilembera kalata yotiloleza.

Chonde muwauze bwino antchito anu onse, makamaka a pa kauntala: mapulogalamu a mtundu umenewu akuba amawakondanso. Munthu amaimba n'kunena kuti ndi wa kubanki kapena wa kukampani ya mafoni, akaunti yanu ili ndi vuto, ikani kapulogalamu aka ndipo mundiwerengere nambala. Mukatero ndiye kuti mwamupatsa makiyi. Ife sitidzakufunsani PIN ya kubanki kapena ya mobile money, ndipo sitidzakutumizirani linki pa WhatsApp yoti muikire pulogalamu. Wina akaimba m'dzina lathu koma mawu ake simukuwadziwa, dulani foniyo n'kutiimbira nokha. Sitidzakhumudwa ngakhale zitapezeka kuti anali mnzathu weniweni.

Ngati pali kompyuta imene munagula posachedwa ndipo sitinaione, kapena ya kunthambi imene imayatsidwa mwa apo ndi apo, tiuzeni pamene tikuimbirani kuti nayonso isatsalire.

Zikomo kwambiri chifukwa chopitiriza kutikhulupirira.

Ndife anu pa ntchito,
Oyang'anira ndi amisiri onse a makompyuta