Lipoti la msonkhano wa oyang'anira manetiweki: nkhani ya mathero a mizere

Wapampando ndi mamembala nonse olemekezeka,

Ndikuthokoza kuti munandituma ku msonkhano wa masiku awiriwu, ndipo malisiti a ulendo ndi alawansi ali kale m'manja mwa msungichuma. Tsiku loyamba linathera pa malonje ndi nkhani ya malayisensi, zomwe sindikutayirani nazo nthawi.

Phindu la ulendowu linali phunziro la tsiku lachiwiri, lofotokoza chimene kompyuta imatumiza munthu akadina Enter. Makompyuta amasiyana pa momwe amatsekera mzere, ndipo gwero la vutoli ndi makina akale otayipira mauthenga otchedwa teletype, amene ankafuna zizindikiro ziwiri: CR, nambala 13 mu ASCII (ndondomeko yopatsa chizindikiro chilichonse nambala yake), yobweza cholembera poyambira mzere, ndi LF, nambala 10, yosunthira pepala ku mzere wotsatira. Unix ndi Linux zimatseka mzere ndi LF yokha, Windows inatengera kwa DOS zizindikiro zonse ziwiri, pomwe Mac yakale, Mac OS X isanatuluke mu 2001, inkagwiritsa ntchito CR yokha. Pofuna kuti makompyuta osiyanasiyanawa azimvana pa Telnet, njira yolowera mu kompyuta ina uli kutali, RFC 854 (chikalata cha malamulo a pa intaneti) ya mu 1983, yolembedwa ndi Jon Postel ndi Joyce Reynolds, inalamula kuti mzere uzitha ndi CR LF, ndipo CR ikakhala payokha izitsatidwa ndi NUL, chizindikiro cha nambala 0.

Mphunzitsi analemba lamulo la stty -onlcr, loletsa kompyuta kuwonjezera CR pa LF iliyonse, tonse tikuona, ndipo pomwepo mizere inayamba kutsika ngati masitepe, uliwonse kuyambira pansi pa pamene unzake wathera. Ndinangogwira pakamwa, chifukwa ndi zomwe tinkaona pa switchi yathu ija, makina olumikiza makompyuta pa netiweki, chaka chatha. Mukumbukira kuti komiti inagula chingwe chatsopano chimene sichinathandize kanthu, kenaka mlandu unagwera ine, ati ndinasokoneza makonzedwe. Chonsecho mankhwala ake anali kuchonga kabokosi kamodzi mu PuTTY, pulogalamu yolowera mu makina ena uli pa kompyuta yako, kolembedwa Implicit CR in every LF, kutanthauza kuti CR iziwonjezedwa pa LF iliyonse. Mawu ondinenawo akadali m'maminitsi mpaka lero, ndipo ndikupempha kuti afufutidwe.

Mphunzitsiyo anationetsanso skiripiti (fayilo ya malamulo oti kompyuta ichite) yolembedwa pa Windows imene Linux inakana kuyendetsa ponena kuti bad interpreter, kaamba ka ^M, yemwe ndi CR wotsalira kumapeto kwa mzere woyamba. Pulogalamu ya dos2unix inachotsa vutolo m'kanthawi kochepa.

Nthumwi zinagwirizana zosiya Telnet n'kumagwiritsa ntchito SSH, njira ina yolowera mu kompyuta uli kutali imene imabisa zonse zotumizidwa. Ndinavomereza, popeza Telnet imatumiza pasiwedi yosabisika, koma ndikuchenjeza ena mwa ife amene akuganiza kuti SSH ithetsa zonse: fayilo yokhala ndi CR idzafika pa seva ili ndi CR yakeyo. Nchifukwa chake ndikubweretsanso pempho langa limene linakankhidwira pambali kawiri konse, loti skiripiti iliyonse yopita pa seva zathu izisungidwa ndi LF yokha. Wapampando, ndikupempha kuti nkhaniyi ikhale yoyamba pa ajenda ya mkumano ukubwerawu.