Mfuti za m'makanema a nkhondo yathu zizigwirizana ndi chaka chake

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndidandaule za makanema onena za nkhondo yomenyera ufulu wa Mozambique amene achinyamata akuonera ku Ulongwe, Furancungo ndi Moatize. Ojambula ena akumangopatsira aliyense mfuti ya AK, Mpwitikizi ndi wa Frelimo yemwe, ndipo mwana woonera amatenga zimenezo ngati mbiri yeniyeni.

Kuno ku Tete nkhondo inakolera kuyambira 1968 mpaka 1974. Msilikali wa Chipwitikizi ankanyamula G3, yopangidwa ku Braço de Prata mu Lisbon. Magazini ake (mosungira zipolopolo) ndi oongoka, a zipolopolo 20, ndipo chokokera potchera mfutiyo chili kutsogolo, mbali ya kumanzere, pamwamba pa mpope. Mukaona chokokera chili pafupi ndi magazini, komanso chogwirira chopinda chonyamulira pakati, imeneyo ndi FAL, imene ankaikonda asilikali a Rhodesia podumpha malire kulowa kuno.

A Frelimo sanali ndi AK yokha. Ambiri ankagwira SKS, ya zipolopolo 10 zolowetsera pamwamba, magazini osachotseka, ndi mpeni wopindikira pansi pa mpope. Inaliponso PPSh-41 yaifupi, ya chibooboo kumpope, yomwe magazini ake ozungulira amatenga zipolopolo 71.

Pa AK mpomwe ambiri amasokonezeka, chifukwa ili mitundumitundu. Yang'anani chitsulo cha pamwamba penipeni pa magazini. AK-47 yakale inkasemedwa kuchokera ku chitsulo chamtunthu, ndiye pamenepo pali cholowa chachitali cha ngodya zinayi. AKM, yoyamba mu 1959, ndi ya chitsulo chopinda, pali kadzenje kakang'ono ngati podinda chala, ndipo kukamwa kwa mpope nkodulidwa mopendekera. Type 56 ya ku China ili ndi choonera chakutsogolo chotsekeka ngati mphete, ndipo zambiri zili ndi chisonga chopindikira pansi. Zitatuzi zingaoneke m'kanema wa 1972 popanda vuto. Yosayenera ndi AK-74, imene inatuluka mu 1974, ya zipolopolo zing'onozing'ono za 5.45 mm. Magazini ake sapindika kwambiri, ndipo kukamwa kwake kuli chitsulo chachitali chonenepa. Imeneyo isaoneke pa nkhani ya kuphedwa kwa anthu ku Wiriyamu mu 1972 kapena ya kumanga damu la Cahora Bassa.

Kawombedwe nakonso kamalakwika. AK imalavula zipolopolo pafupifupi 600 pa mphindi, choncho magazini a 30 amatha m'masekondi atatu. Munthu wowomba mosalekeza osasintha magazini akunamiza oonera. Wa Frelimo sangatolenso zipolopolo za G3 nkuika mu AK: zonse ndi 7.62 mm, koma khoko la G3 ndi lotalika 51 mm pomwe la AK ndi 39 mm.

Mfuti zosema pamtengo nzokwanira pojambula, bola maonekedwe akhale olondola. Ojambula asanayambe, atengere zosemazo kwa akuluakulu amene anamenya nkhondoyi, omwe akadalipo m'midzi ya Angónia, Macanga ndi Chifunde, aziyang'ane ndi kukonza polakwika.

Ine wowerenga wanu,
Ulongwe, Angónia